Mthunzi wa Bwemba wa a Ittoop

Chimene sindinachimvetse mwa a Ittoop n'chakuti ankachita apilo ngakhale mlandu utawakomera. Ndinali kalaliki pa khoti la apilo la chigawo chathu, masiku amene tinali ndi mfumu yathuyathu, ndipo ndinawaonapo akutuluka nkhope ili yakugwa chifukwa choti apambana.

Mlanduwo unali wa mtengo wa bwemba womera pamalire a munda wawo ndi wa mng'ono wawo, a Varkey. Awiriwa analumbira pa manda a bambo awo kuti sadzalankhulananso, a Varkey n'kusamukira kutsidya kwa mtsinje. Koma tsiku la mlandu ankakhala benchi imodzi pakhonde la khoti, aliyense atayang'ana kwake, n'kumalankhula kudzera mwa ine.

A Ittoop ndiwo ankayamba: "A kalaliki, muwauze akuba bwembawa kuti aonda."

"Muwauze achimwene kuti andiondetsa ndi maloya awo."

"Muwauze kuti chinangwachi chandichulukira. Ndikanapatsa galu, koma galu palibe."

Basi a Varkey n'kumadya chinangwa ndi nsomba ya tsabola pa tsamba la nthochi, a Ittoop maso ali kudenga. Nsombayo inkaphikidwa ndi bwemba wa mlandu yemweyo.

Tsiku lina woweruza anatopa. "Bambo Ittoop, mtengo ndi wanu, mizu ndi nthambi zomwe. Mukufunanso chiyani?"

"Bwana, za mthunzi simunagamule. Masana umagwera kwa awawa."

Mthunziwo unadya zaka.

Ufumu wathu utaphatikizidwa ndi zigawo zina, khoti linatsekedwa, milandu n'kupita ku mzinda wakutali. Ife akuluakulu a mpingo tinaona ngati tapeza mpata wochita chabwino. Tinakhala pansi ndi abusa, tinapemphera, tinagamula kuti mtengo udulidwe, nkhuni agawane. Anthu anatiyamikira kwambiri. Ine chiyamikiro ndimachiopa, koma cha tsiku limenelo ndinachilandira.

A Ittoop anaima pafupi ndi chitsa. "Nanga apilo ndikachite kuti?"

Tonse tinaseka.

Za lumbiro lija palibe anaganizako. A Varkey analibenso chowolokera mtsinje, a Ittoop analibe chowaitanira. Khoti linasanduka mosungira mpunga, koma a Ittoop ankabwerabe pakhonde, malaya oyera, phukusi la chakudya cha anthu awiri lili pamiyendo. Ife tinayamba kudzera msewu wina.

M'mawa wina a Ittoop anakwera bwato, phukusi lili m'manja. Akuti anafunsa wopalasa bwatolo kumene khoti lili tsopano, n'kutsikira padoko lina kumunsi. Ku mzinda kuja sanaoneke, kwa mng'ono wawo sanafike.

Amene amabwera pakhonde masiku ano ndi a Varkey. Amakhala kumapeto kwa benchi, mbali inayo n'kuisiya. Akandiona amadzuka.

"A kalaliki, muwauze kuti..."

N'kulekera pomwepo.