Kuwolotsa Nachisale

Lolemba

Nkhani ya una wa sitima anandiuza ndi a Mbewe, dzulo, kutchalitchi ku Wolverhampton kuno ku Ulaya, titaima pakhomo kudikira kuti mvula ikate. A Mbewe amayendetsa basi kuno, ndiye za misewu ndimawakhulupirira. Akuti kuchoka kuno kupita ku France sitima imadutsa pansi pa nyanja ngati mbewa. Akuti una wina akuukumba kuchoka ku Spain kukatulukira ku Morocco. Morocco ndi Africa. Ukaponda Africa, chatsala ndi kufunsa njira basi.

Ndege yanga ndi Lolemba likudzali. Viza ikutha. Koma sindingapite ndekha. Ine ndi Nachisale, mkazi wanga, tinabwera kudzaona Edina, mwana wathu namwino uja, ndipo Nachisale anagona konkuno ku Walsall. Mwezi wachinayi uno. Thupi lili m'dothi la eni ake. Mwini thupiyo ndiye ndiyenera kubwerera naye ku Ntcheu.

Vuto ndi madzi. Kwathu womwalira sawoloka mtsinje osamuuza. Mukanyamula maliro, pa mlatho uliwonse wamkulu amanena kuti tikuwoloka. Mukaiwala, galimoto imazima, kapena munthuyo amatsala tsidya lino kumangozungulira. Nanga m'ndege mtsinje uuona bwanji? Pobwera Nachisale anagona tulo ulendo wonse atamwa mapiritsi. Madzi amene anawoloka sakuwadziwa.

Koma kudutsa pansi pa madzi si kuwoloka. Ndaisinkha m'mawa wonse. Ndinagwira m'migodi ku Joni, komwe ndinaphunzira ndi zilembozi kwa mnzanga wa ku Dowa. Pansi ndimapadziwa.

Zofunika:
dothi la pamanda pake, masupuni atatu, loti ndimunyamuliremo
chitini cha tiyi chotsekeka bwino
jekete lalikulu lija
kumuuza Edina, koma osati lero

Lachiwiri

Kumanda m'mawa, Edina ali kushifiti. Manda a kuno ngati munda wa maluwa, alibe ndi mtengo woopsa womwe. Mzungu wina akuyendetsamo galu. Ndagwada, ndaomba m'manja katatu, ndapempha. Masupuni atatu m'chitini. Galu waima, wayang'ana chitini, osati ine, ndipo wakana kupitirira mpaka mbuye wake wachita kumunyamula.

Masana ndayesa ulendo waung'ono kuti Nachisale azolowere njanji. Basi mpaka ku Wolverhampton, kenako tiramu, kasitima ka m'tauni, ya ku Birmingham. Chitini m'thumba la jekete.

Anthu a kuno anakumba mitsinje ndi manja. Amati makanalo. Madzi ake akuda, sayenda, sakupita kulikonse, angogona kuseri kwa nyumba ngati akudikira munthu. Ndipo ndi ochuluka! Ndikangoti "Nachisale, tikuwoloka," ena aja afika. Mayi wina wa pampando wanga wasuntha.

Kenako ndinatanganidwa ndi kumanga chingwe cha nsapato. Tiramu yaima. Popanda siteshoni, popanda chilichonse. Magetsi a m'kati aphethira. Ndasuzumira kumbuyo: kamlatho, pansi pake madzi akuda aja. Ndatulutsa chitini, ndapepesa, ndanena mawuwo. Tiramu yanyamuka.

Woyendetsa walankhula Chingerezi chake pa sipika. Ayenera kuti ali ndi chifukwa chake. Ine ndili ndi changa.

Lachitatu

Ndamuuza Edina, akusita yunifolomu. Za chitini sindinatchule, za sitima zokha.

Wayang'ana pa foni nthawi yaitali. "Ababa, tanelo imeneyo kulibe. Ili pa pepala. Anayamba kuikamba ine ndisanabadwe."

Ndati a Mbewe akuti akukumba. Iye: "A Mbewe ananenanso kuti chipale chofewa chimachiza nyamakazi."

Ndamuuza andiwerengere zonse. Akuti pamene nyanja ili yopapatiza ndi pamene ili yakuya kwambiri, ndiye ayenera kuzungulira kukafuna posaya. Akuti pansi pake si thanthwe limodzi, pena ndi dongo lofewa. Akuti nthaka ya kumeneko imagwedezeka.

Izi ndiye zanga. Thanthwe lolimba ndi bwenzi, limalira lisanagwe. Dongo silichenjeza. Ku Joni tinali ndi msewu wina wa pansi umene unkatuluka thukuta. Kapitawo ankati ndi chinyezi chabe. Tsiku lina tinamva kugogoda kuchokera mbali imene kunalibe munthu, ife tinathawa, ndipo madzi analowa. Pamenepo pamwamba pathu panali dambo chabe. Nanga nyanja yonse?

Komabe azungu akalemba chinthu pa pepala sachisiya. Mwina pofika Lolemba ayi. Koma mwina ayamba kale mwakachetechete, a Mbewe anangomva msanga.

Hita ya kuchipinda kwanga, chitsulo chofunditsa nyumba, yagogoda katatu masana ano. Edina akuti ndi mpweya wa m'mapaipi.

Lachinayi

Ndisanavutike ndi una wa eni, ndiyambe ndadziwa ngati Nachisale angalole kudutsa pansi pa madzi osauzidwa. Kuyesa kuposa kufunsa.

Zida:
bafa, madzi mpaka pakati
paipi ya makina opopera fumbi
njerwa ziwiri za kuseri kwa nyumba zopsinjira paipi
ulusi
dothi pang'ono, lomanga m'kansalu

Mbali ya kumpopi ndi Spain. Mbali ya sopo ndi Morocco. Paipi yamira pakati, milomo yake iwiri ili kunja. Ndalowetsa ulusi, ndamangirira kansalu, ndayamba kukoka kuchokera ku Morocco. Sindinanene kanthu.

Pakatikati pa nyanja kaima. Ndakoka, kakana. Ndakokanso, kena kake kakoka kubwerera ku Spain. Sindikunama, ulusi wandicheka chala. Madzi a m'bafa ali zii, koma pamwamba pa malo amenewo patuluka thovu limodzi, lina, lina.

Ndati, "Nachisale, tikuwoloka." Kansalu katuluka kokha ngati kakutsetsereka. Konyowa. M'paipi mouma.

Ndiye basi, pansi pa madzi ndi kuwoloka ndithu. Ndipo mu una mulibe windo, sudziwa pamene nyanja yayamba ndi pamene yathera. Kuipa kwake kuposa ndege.

Edina wabwera, wapeza njerwa m'bafa. Sanafunse. Wangotenga paipi, waiyang'ana, waiyanika pa chitseko.

Lachisanu

Ndaimbira a Mbewe. Akuti iwo sananene kuti akukumba, ananena kuti akufuna kukumba. Ndati bambo, kufuna ndi kukumba pakati pake pali khasu. Akuti ngakhale una wa ku France uja, ndi pasipoti yathuyi pafunika viza ina, ndipo siituluka sabata imodzi. Akuti komanso kuchoka ku Morocco kukafika ku Ntcheu njanji yolumikizana kulibe, pali chipululu. Nanga Lamulungu lija bwanji sananene? Akuti mvula inali itakata.

Zomwe zatsala pa ulendo wanga:
una woyamba ulipo, ine ndilibe chilolezo
una wachiwiri kulibe
njanji kulibe
Nachisale sakufuna

Chitini ndachiika pa windo. Ndikatuluka kupita kukhitchini, ndikuchipeza chatembenuka, chithunzi cha tiyi chayang'ana kuchipinda kwa Edina. Ndachibweza kawiri. Kachitatu ndachisiya.

Chikulemeranso. Masupuni atatu salemera chonchi.

Loweruka

Edina wachipeza. Amafuna tiyi.

Wakhala pansi pa kapeti, chitini pamiyendo, monga ankakhalira ali kamtsikana posenda nandolo. "Ababa, dothi pa eyapoti akhoza kukulandani, n'kukalitaya m'bini. Mukufuna amayi akathere m'bini ya pa eyapoti?"

Ndati ndibisa m'sokosi.

Iye wati: "Ndikaweruka naiti ndimayamba ndadzera kumanda kuja. Ndimawauza za ku wodi, za mapeshenti ovuta. Inu kumudzi muli ndi azakhali, muli ndi mudzi wonse. Mukawatenga, ine kuno nditsala ndi mwala wolembedwa dzina."

Zimenezi sindinaziwerengere. Ndawerenga nyanja, dongo, viza, chipululu. Mwana sindinamuwerenge.

Ndati mwambo ndi mwambo, munthu amagona kwawo. Iye wati, "Nanga kwawo kwa mayi si kumene kuli mwana wake?" Pakamwa ameneyu anatengera mayi ake. Hita yagogoda kamodzi. Tonse tayang'ana hitayo. Za mpweya wa m'mapaipi lero sananene.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, ndingawaone a Mbewe n'kuchimwa.

Tapita kumanda ndi Edina. Ndakhuthula chitini pamalo pomwe ndinatapa, ndasalaza ndi dzanja. Ndati: Nachisale, una sanakumbe. Akadzakumba ine ndidzakhala nditagona kale, ndipo iwe m'paipi wakana wekha. Khala ndi mwana. Ine ndipita ndekha, ndikauze abale ako kuti wagwira ntchito ya ulezi ku Ulaya.

Galu uja anali pomwepo. Lero wadutsa bwinobwino, watinunkhiza n'kutinunkhiza.

Chitini ndatsuka, Edina wathiramo tiyi. Nsapato ndapukuta zonse ziwiri, kunja ndi m'kati, ndaziika pakhomo pafupi ndi za Edina za kuntchito. Sutikesi yatsekedwa. Hita ili chete tsiku lonse. Nyumba yapepuka, ndipo sindikukondwa nako kupepukako.

Zaka makumi asanu sindinawolokepo mtsinje iye osandigwira malaya kumbuyo. Mawa nyanja.

Lolemba m'mawa

Ndikulemba m'galimoto, zilembo zikuvina.

Povala nsapato, yakumanzere yakana phazi. Ndagwedeza. Dothi, lonyowa, supuni imodzi ndi theka. Ndisanatsegule pakamwa, Edina waima ndi nsapato yake ya kuntchito m'manja, akuyang'ana m'kati. Supuni imodzi ndi theka.

Nachisale pogawa ndiwo sankakondera.

Langa ndalisiya momwemo, ndapondapo. Edina wandilembera pa pepala madzi onse amene ndege idutse, ndi nthawi yake, ndipo wandipezera mpando wa pawindo. Kumapeto kwa msewu wathu kuli kamlatho ka kanalo. Ine, maso ali pa zolembazi, ndinali ndisanakaone. Edina wachepetsa liwiro, wayang'ana nsapato yanga.

"Amayi, tikuwoloka."