Makina a Gemu a ku Japani pa TV ya Malemu Bambo

Lolemba
Alamu anga, amene amakatenga magalimoto ku Dar, apeza makina akale a gemu m'buti ya galimoto yochokera ku Japani. Andipatsa ine! Muli gemu ya mpira, yomweyo imene achimwene ankandigonjetsa nayo tili ana kuvidiyo ku Salima. Ndawaimbira achimwenewo ku Chipoka: Loweruka abwere, tithane. Ayankha kuti, "Ukonzeretu misozi."

Lachiwiri
Ndatsitsa TV ya malemu bambo pamwamba pa kabati. Fumbi, chisa cha mavu. Ikuyaka! Ndalumikiza zingwe, nyimbo ikumveka bwinobwino. Koma chithunzi chilibe mtundu, ndipo chikungothamangira m'mwamba osaima. Ndayang'ana mpaka chizungulire.

Lachitatu
Kabaza mpaka kwa a Jafali, okonza mawailesi ku Senga Bay. Akuti palibe chawonongeka. TV yathu imamva PAL, makinawa amalankhula NTSC, ndiye pakufunika kabokosi komasulira pakati pawo. Afufuza m'katoni, akapeza. "Inshallah kagwira, bola musakagwetse."

Lachinayi
Mitundu yabwera! Udzu wa pabwalo ndi wapepo, osewera nkhope zobiriwira. Akazi anga, mayi a Chisomo, adutsa ndi beseni la usipa, aima, akuti, "Anthuwa akudwala chiyani?" Kabokosi kali ndi maswichi atatu. Ndayesa:
woyamba, osewera atalika;
wachiwiri, mpira wasowa;
wachitatu sindikudziwa ntchito yake.

Lachisanu
Ndadziwa ntchito ya wachitatu. Chithunzi chaima, udzu wabiriwira, ndavina ndekha pabalaza. Kenako fungo ngati la pulasitiki pamoto. Kabokosi kafa. A Jafali pafoni akuti kena kangapezeke ku Lilongwe mwezi wamawa. Achimwene akubwera mawa!

Loweruka
Afika atavala jezi. Tikusewera popanda kabokosi. Mayi a Chisomo apeza kuti akagwira kabatani kakumbuyo kwa TV chithunzi chimaima, ndiye akhala pamenepo, khosi atasuzumira kutsogolo. Matimu onse ndi otuwa. Palibe akudziwa anyamata ake. Chigoli chalowa, ine ndadumpha, achimwene adumphanso, takumbatirana, kenako tayamba kukangana kuti wagoletsa ndani. Aneba adzaza pawindo, theka kuchemerera ine, theka iwo. Achimwene aseka mpaka kugwa pampando. Zigoli zinayi, aliyense akuti zonse ndi zake.

Lamulungu
Achimwene abwerera, akuuza aliyense pasiteji kuti apambana. Titachokera kutchalitchi mayi a Chisomo akuti dzulo anaona kuti timu ina ili ndi masokosi oderapo pang'ono. Anatibisira dala. Apempha kuyesako, mwana wa aneba atagwira kabatani. Andichinya zisanu kwa duu. Tsopano akusewera ndi mnzawo wa kwaya, ndipo wogwira kabatani kumbuyo kwa TV ndine. Mkono wachita dzanzi. Akuti ndisagwedezeke, pali penate.