Amalume Anati Ndowa Basi

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Mangochi pomwe amagulitsa ndowa, ndimayang'ana kumbali. Musandiseke msanga, imvani kaye.

Nthawi imeneyo ndinkatsuka mbale pa hotela ina ku Nkopola, kamnyamata ka ku Dowa, Chiyao ndikudziwa "sikomo" yekha. Ndinagwa m'chikondi ndi Patuma wa ku Chowe. Banja lawo linali litathawa nkhondo ku Mozambique n'kudzakhala kwa achibale, lilibe ngakhale mphika. Chifukwa cha iyeyo ndinalowa Chisilamu, koma ndinali ndidakali mbuli: kumzikiti ndinkawerama anzanga akudzuka.

Vuto linali thumba. Ndikaganiza za ukwati wa kwathu, mbuzi, suti, galimoto, tulo tinkandithawa. Kuwonjezera apo, mwini maboti wina wa ku Monkey Bay ankazungulirazungulira pakhomopo atanyamula chambo (chambo, abale, ine ndikupita ndi usipa wa m'pepala!). Ndinaona kuti ndikachedwa andilanda.

Ndinakagwada kwa amalume ake, Che Bwanali.

"Nanga pa ukwatiwu mufuna chiyani?"

"Ife sitifuna zambiri, bambo. Nkhondo inatitopetsa kale. Ndowa basi. Lachisanu likubwerali, tikatuluka kumzikiti, mubwere ndi anthu anu."

"Ndowa yokha?"

"Yokha. Kapena ikuvutani?"

"Aa, ayi! Ngakhale ziwiri ndikwanitsa!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Yambani ndi imodzi kaye," anatero.

Ndinabwerera ndikuimba likhweru. Anthu abwino bwanji awa! Ndinagula ndowa yachitsulo, yonyezimira, ya chivundikiro chake. Nditamuuza Patuma kuti ndowa ndakonza kale, yaikulu, analumpha ndi chimwemwe (apa ndikanayenera kudabwa, mtsikana salumphira ndowa).

Lachisanu ndinanyamuka ndi msuweni wanga, wa ku Dowanso, mbuli inzanga. Ine m'kabudula wa kuntchito ndi patapata, ndowa ikulira ngwe-ngwe-ngwe pakaliyala wa njinga. Tikufika tinapeza khamu: mikeka, mpunga ukununkhira, amayi nthungululu, a Shehe atakhala patsogolo. Ndinati mumtima, koma anthuwa madzi amawalemekeza.

Ndinagwada, n'kuika ndowa pamaso pa Che Bwanali.

"Nayi ndowa munanena ija."

Anthu anayang'anana. Kenako mayi wina anaphulika, khamu lonse n'kugwa nako kuseka. Bambo amene anali pafupi nane anandinong'oneza misozi ili mbwe: kuno ndowa ndi ukwati wa Chisilamu, ndipo mkwati wake ndi inuyo, lero lomwe. Mayo ine! Ndinalakalaka nditalowa m'ndowamo n'kudzivundikira.

Che Bwanali okha sanaseke. "Munthuyu watinyoza. Mwana wathu akwatiwe ndi wosamva chotereyu? Mahari ali kuti?"

A Shehe anandimasulira kuti mahari ndi mphatso imene mkwatibwi amatchula yekha, ndipo popanda imeneyo palibe ukwati. M'thumba mwanga munali kiyi wa njinga basi. Ndinamva mantha enieni, ndinadziwa kuti Patuma wapita kwa wa chambo uja.

Anatuma mayi wina kukamufunsa m'nyumba. Patuma sanadikire n'komwe, mawu anatulukira pazenera.

"Mahari anga ndi ndowayo! Chibwerereni kuno ndimatungira m'chitini chodontha cha mafuta a thandizo. Amene waona zimenezo ndiye mwamuna wanga."

Ine sindinaone kanthu, Mulungu ndi mboni, koma ndinagwedeza mutu ngati munthu woganiza patali.

"Watchula mwini wake," anatero a Shehe. "Palibe angasinthe."

Che Bwanali anagogoda ndowa ija ndi chala, n'kumvetsera kulira kwake. "Ndi yolimba," anatero, kenako nawonso kuseka kunawapulumuka. A Shehe anatimangitsa ukwati pomwepo, ine patapata ali kuphazi, wopanda ngongole kwa munthu aliyense.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula, ndipo ana anga ndimawauza zomwezo nkhope ili gwa. Koma kunena zoona, ine safunsa ndinadya mpunga, mkazi n'kutenganso.