Mwala Wotsatira Nkhumba

Lolemba
A Padiri akuti komputadori ya pamishoni ipita ku Dedza Lamulungu, anthu a mfuti asanaione. Ine ndikuti sipita! Zonse zikuthawira ku Malawi: ana ophunzira pa shikola, ng'ombe, makina osokera. Tapangana kuti ndikaonetsa ntchito yake kuno, ikhala. Ndiye ndikupangira ana otsalawa masewera a pa komputadoriyo. Mlimi, legeni, nkhumba yakuba mbatatesi. Mwala uzitsatira nkhumba kulikonse kumene yakhotera. Mfuti ayi, zatikwana.

Lachiwiri
Mwala ukuuluka! Koma ukayandikira nkhumba ukungoizungulira ngati mkamwini wozemba apongozi. Nkhumba ikudya mosatekeseka. Olakwa ndi masamu a kakhotedwe, osati ine. Bateriya ya galimoto imene timayatsira komputadori yatha ndisanasunge ntchito pa kaseti. Kulembanso zonse. Ndilemba!

Lachitatu
Ndauuza mwala kuti uzilondola chimene chili pafupi. Chapafupi ndi mlimi mwini wake. Pha, pamphumi! Ndawonjezera fumbi ndi tinyenyezi, moti mlimi akugwa mokongola ndithu. Mayi Rozaliya, otiphikira, amene amanditchula mwaulemu kuti Sinyoro, aima pakhomo ndi tsache: "Ee, Sinyoro, zotumiza zikalephera zimabwerera mwini." Ndawauza kuti ndi masamu chabe. Andiyang'ana mondimvera chisoni.

Lachinayi
Mbiri yafika mpaka ku Domwe kuti pamishoni pali bokosi lotumiza miyala. Pakhomo pali mzere. Wina anaberedwa mbuzi. Wina akufuna mlamu wake aone zakuda. Bambo wina wanyamula tambala woyera, akuti ndi chipondamthengo. Ana amene ndikuwavutikirawo, makolo awaletsa kuponda pano. Ndakwiya kwabasi. Anthu obatizidwa onsewa!

Lachisanu
Msilikali akufunsa ngati zingatheke ndi zipolopolo. Ndamuonetsa mlimi akudzigenda, kawiri. Wachoka osatsanzika. A Padiri ayamba kufunafuna zingwe ndi masaka zomangira komputadori. Afunefune, ine sindinagonje.

Loweruka
Zatheka! Mwala ukukhota bwinobwino, fumbi koboo, nkhumba kwii! Ndavina ndekha. Woonera ndi mmodzi, Mayi Rozaliya. Amuna awo anatengedwa ndi anthu a mfuti nthawi yokolola kuti akanyamule katundu, mpaka lero zii. Ayang'anitsitsa mwalawo, kenako akuti, "Sinyoro, musauuze zogenda. Ungowatsatira bambo a kunyumba, tione kumene ali." Ndawauza zoona, kuti umangopeza chimene ndajambula ndekha. Iwo: "Ndiye ajambuleni."

Lamulungu
Ndawajambula Misa isanayambe. Chipewa, miyendo iwiri, basi, makinawa sangathe zoposa apo. Nkhumba ndachotsa, fumbi ndachotsa. Mwala ukungoyenda pambuyo pawo pang'onopang'ono. Mayi Rozaliya akhala pansi n'kuonera mpaka bateriya kutha. Mtima ukundiwawa, ndipo mkangano ndi a Padiri ndilibenso nawo mphamvu. Komputadori ndaikulunga ndekha m'saka, ndaimangirira panjinga ya mtengatenga wa ku Kalomwe. Ipite. Mayi Rozaliya amuthamangira wanjingayo mpaka pamsewu: "Achimwene, mukafika ku Dedza mukaiyatse. Mwina kumeneko ikaona bwino."