Kanjira Kamene Ndinanenerera

Mukadzafika ku Nkhulambe n'kufuna kundipeza, musadzavutike ndi dzina. Mudzangoti, "mkamwini wa tomato uja." Nyumba adzakulozerani, koma sindikukhulupirira kuti adzakuperekezani.

Ntchito yanga ndi yogula nandolo kwa alimi n'kukagulitsa ku Limbe, ndiye kunenerera ndiko kudya kwanga. Ndinanenererapo njinga mpaka mwini wake anandiwonjezera pampu kuti ndingomuchokera. (Kutchalitchi kokha ndi kumene sindinenerera, nakonso n'chifukwa choti chopereka munthu amadzidulira yekha.)

Kwathu ndi ku Balaka, kuno ndinabwerera banja. Njerwa ndinaumba ndine, malata ndinagula ndine, koma dothi limene nyumbayo yakhalapo ndi la kuchikazi. Mkamwini akalakwitsa kwambiri amanyamula bulangete lake n'kuona msewu, malata n'kutsala. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino.

Chaka chimene madzi anatsika m'phiri ndi miyala, dimba lathu linakwiririka ndi mchenga, nyumba ya apongozi anga aakazi n'kugwa. Anasamukira kwathu, kuchipinda chakutsogolo, atayamba kale kudwaladwala. Ndiwo zinavuta. Ine munthu wogulitsa, tsiku ndi tsiku kumagula kamtolo ka mpiru kowonda ngati chala, mtima unkandipweteka. Kuseri kwa nyumba kunali bafa, chimbudzi ndi miyala. Koma kumaso kunali bwalo lalikulu, losesedwa m'mawa uliwonse, losabala kanthu, mpope uli pafupi.

"Pabwalo sadzalapo kanthu," anatero mayi a Tadala, mkazi wanga. "Ngati mukukanika, kafunseni malume."

Malume awo, a Mukhova, ndiwo eni mbumba. Ndi munthu wofatsa, wokonza maambulera ndi mapoto, woyankhula ngati akupepesa. Nditangowaona ndinadziwa kuti kasitomala uyu ngwofewa.

"Akamwini, bwalo ndi la anthu," anatero.

"Anthu ake ati, malume? Ine ndimangoonapo nkhuku."

"Amabwera."

Ndinayambira pamwamba monga mwa ntchito. Ndinapempha bwalo lonse, ndiponso kuti ndidzalepo mango ndi mapeyala, ndikudziwa kuti mkamwini sadzala mtengo pamalo a eni. Atakana, ndinagwira pamtima. "Chabwino, mitengo ndasiya. Ine ndatsika, nanunso tsikani." Anakanda kumutu. Ndinanyamuka ngati ndikupita, ndikudandaula za ndiwo za odwala. Anandiitana.

"Limani m'mbalimu. Koma kuchokera pakhomo kukafika kumsewu musiye njira yoti ngolo n'kudutsa."

"Ngolo yake iti? M'mudzi muno ng'ombe munaiona liti?"

Kuchoka pa ngolo tinafika pa wilibala. Kuchoka pa wilibala tinafika pa njinga yonyamula thumba la nandolo. A Mukhova anayang'ana kuwindo la chipinda cha mlongo wawo kwa kanthawi, kenako anati, "Mwapambana, akamwini." Ndinabwerera ndikuimba mluzu.

Ndinadzala mpiru, repu, tchainizi, ndipo m'mbali mwa kanjirako mizere ya tomato. Chifukwa cha mbuzi ndinamanga mpanda wa nsungwi mbali zonse ziwiri, mizati ndikukumbira mpaka mkono wonse kulowa. Pomanga ndinabako pang'ono uku, pang'ono uko. (Sikelo yanga siinama, koma nayonso imadziwa mwini wake.) Potsiriza njinga inkadutsa mapedulo akukhula nsungwi, ndipo mayi a Tadala akasenza ndowa ankayenda chammbali.

Zinabereka, zimenezo ndisabise. Apongozi ankadya. Mwamwambo ine ndi iwo sitinkayankhulana maso ndi maso, koma tsiku lina anatuma mwana wawo kuti andiuze kuti repu wanga akuwatsegula kukhosi. Ndinayenda chifuwa chili patsogolo sabata yonse.

Anamwalira tomato atangoyamba kufiira.

Anthu aja anabwera. Ochokera kuseri kwa phiri, ochokera kuchigwa, abale a ku Mozambiki pa njinga zawo. Pokhala panalibe. Azibambo anakadzazana pansi pa mango wa aneba, kutali ndi siwa, amayi anandanda m'mbali mwa msewu padzuwa, okalamba atafunda zitenje kumutu. Palibe anandinena. Ankangoyang'ana mpiru wanga, wobiriwira mopanda manyazi, kenako n'kuyang'ana ine.

Bokosi litafika, adzukulu, anyamata okumba manda aja, analipendeketsa ngati chitseko n'kulilowetsa m'kanjirako. Ndinapumira m'mwamba. Mumtima ndinati chalowa chitulukanso.

Bokosi lopanda kanthu ungalipendeketse. Muli munthu sungatero. Zimenezi zinandifikira m'mutu mawa lake, amayi a mvano atayamba nyimbo yotulutsira maliro, adzukulu atagwira bokosi uku ndi uku, n'kuima pakhonde. Kutsogolo kwawo kunali kanjira kanga. Nyimbo inatha. Anaiyambanso.

Adzukulu pamaliro amaloledwa kunena zilizonse. Mmodzi wa iwo, wamtali, wadothi m'mawondo, anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza.

"Akamwini, bweretsani njinga ija. Tiwakweze pa kaliyala, si ndiye muyezo wake?"

Ena anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. A Mukhova anabwera pafupi nane, maso ali ofiira. "Munda ndi wanu," anatero chapansipansi. "Ife sitingazule."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanathamangira khasu. Ine pakamwa panatseguka pokha. Ndinayang'ana bokosi, ndinayang'ana mizere, ndinayeza ndi maso.

"Mwina tikangochotsa mbali imodzi, iyi ya repuyi, tomatoyu angathe..."

Mayi a Tadala anali atakhala pakhonde, atagwiridwa ndi amayi awiri. Sanakweze mawu.

"Bambo a Tadala, mukunenerera amayi?"

Sindikumbuka kuti jekete ndinalivula kapena ayi. Ndikukumbuka mizati. Ndinaikumbira kuti mbuzi isaigwedeze, ndipo sinagwedezekedi. Ndinakoka, ndinakankha, ndinagwada n'kufukula ndi manja, nsungwi zikundicheka, mudzi wonse ukuonerera, amvano akubwereza nyimbo yomwe ija mpaka mawu anayamba kusasa. Tomato ndinkazula ndi mitengo yake yomwe n'kuponya kumbali. Njira itatseguka, apongozi anga anatuluka m'nyumba yanga podutsa pa tomato woswekasweka, abusa akutsogolera nsapato zili psuu.

Masamba aja amayi ophika anatola. Pochokera kumanda anthu anadyera ndiwo zomwezo, ndipo mbale zinabwerera zoyera. Ine sindinadye.

Patapita masiku abale anakhala pansi kukambirana zotsala, ndipo nkhani yanga inali m'gulu la zotsalazo. Ndinakhala kuseri, pamwala wa pafupi ndi bafa, ndikuganiza kuti bulangete langa ndi liti pa awiri amene tili nawo. Mlamu wanga wina ankafuna ndipite, mawu ake ndinkawamva. A Mukhova ndi amene anandipulumutsa. Akuti anati, "Wolakwa ndine. Ndinadziwa chimene njira ija inali, koma ndinachita manyazi kuchitchula mlongo wanga ali moyo kuseri kwa windo." Zimenezi zinandipweteka kuposa akanandithamangitsa.

Ndiye ndilipo. Mayi a Tadala amandiphikira, amandichapira, koma nkhani zathu masiku ano ndi za mchere ndi sopo. Pamsonkhano wa banja akafika poti "akamwini mukutipo bwanji," amafunsa akuyang'ana kwina, ndipo ine ndimati zili bwino.

Mvula yoyamba itagwa, tomato uja anapondedwa anamera yekha, bwalo lonse timbande tatiwisi. M'mawa wina ndinapeza mayi a Tadala akutisesa ndi tsache lolimba. Panali kena konenepa bwino pakona, kutali ndi khomo.

"Kamodzi kokha, ako kali apoko," ndinatero. "Sikatsekereza munthu."

Sanadzutse mutu. "Inu mukadzafa tidzakutengerani kwanu ku Balaka. Koma potulukira ndi pomwepa. Mukufuna mudzatuluke chopendekeka?"

Ndinatenga khasu n'kukachotsa ndekha. Sindinakataye. Kali m'chitini kuseri kwa bafa, ndipo za kuseri kwa bafa palibe amene ananenapo lamulo.