Magazi a S. Phiri Ndi a Yani?

Kwa Shefu Woyang'anira Zoyeza Magazi m'Chigawo Chathu,

Pepani kuti munthu wonunkha fodya ngati ine ndikukudetserani tebulo. Ndine Kondanani Phiri, wosankha fodya pa famu ina kuno ku Tengwe. Sukulu ndinalekera panjira, za magazi sindidziwa kanthu. Ndalemba kuti ndithokoze basi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha luso lanu losunga inki. Mu Novembala amayi oyembekezera a pa komboni yathu anatengedwa magazi ku kiliniki kuti akayezedwe chindoko. Mwa lamulo lanu, pa kabotolo amalembapo chilembo chimodzi cha dzina loyamba, kenako dzina la bambo. Nzeru zakuya zimenezo! Kungoti agogo athu atafika kuno kuchokera ku Malawi, kalaliki wa mzungu anatopa nako kufunsa, n'kungolemba aliyense kuti Phiri. Tsikulo anatenga magazi a mkazi wanga Shylet, a Sekai ndi a Sarudzai. Onse atatu ndi S. Phiri, onse ndi oyembekezera, onse a famu imodzi.

Chachiwiri, zikomo kuti zotsatira zinabwera ndithu, patangopita milungu isanu yokha. Mapepala anali atatu: awiri akuti alibe, limodzi likuti ali nacho. Sisita wathu wa ku kiliniki ndi munthu wabwino, koma mphatso ya ulosi alibe, choncho pepala loipalo anapatsa amene anayamba kufika. Mkazi wanga sachedwa, Shefu, ngakhale kutchalitchi amafika asanatsegule. Amene anabayidwa jekeseni ndi iyeyo. Atabwerako anandiponyera pepalalo kumaso, n'kumanga katundu wake, ulendo kwa mayi ake. Ankhoswe andikhazika pansi kawiri, ndalumbira mpaka mawu kusasa. Ndikadutsa pampopi amayi amangoti zii, ndikapitirira kuseka kumayambiranso. Zikundiwawa, sindibisa. Takhala m'banja zaka khumi ndi chimodzi ndipo sindinayendepo njira ina.

Chachitatu, ndinapempha kuti atiyezenso tonse, ine ndemwe. Akuti mankhwala oyezera anawonongeka ndi kutentha, poti firiji inazima chaka chatha. Musade nkhawa, sikungokhala, akusungiramo mafayilo. Makina opukusa magazi kuti madzi ake apatuke nawonso ali patchuthi, magazi amangowaimika pawindo kuti adziganizire okha. Magolovesi amachapidwa n'kuyanikidwa pachingwe, zala zonse zili m'munsi, ndipo singano zakale zili m'chitini cha mafuta ophikira chopanda chivindikiro kuseri kwa chitseko. Tikuona kuti kwa inu palibe chotayika.

Umbuli wanga unali apa. Kushedi kwathu belo lililonse la fodya limakhala ndi tikiti yake: nambala ya mlimi, nambala ya belo, mtundu wa tsamba. Tikiti imodzi ikasowa, foromani Laxon amaimitsa lole, tonse kugwada pansi kufunafuna mpaka ipezeke. Ndiye ine ndinkayesa kuti magazi a mayi woyembekezera angasamalidwe pang'ono ngati fodya. Mwanditsegula maso.

Za banja langa musavutike nazo, ndi zazing'ono kwa munthu wa mpando ngati wanu. Koma bwanji ngati pepala lija linali la Sekai kapena la Sarudzai? Iwo anauzidwa kuti ali bwinobwino, ndipo ali kumunda akuthyola fodya mitima ili m'malo. Sisita akuti matendawa akapanda kuchizidwa, mwana amafera m'mimba kapena kubadwa wodwala. Sekai masiku ake akwana mu Febuluwale.

Pempho langa ndi lochepa, ndipo ndikulipereka nditagwada. Titumizireni timabotolo titatu ndi mankhwala oyezera amoyo mwezi uno usanathe. Matikiti ndibweretsa ndekha kuchokera kushedi, ndi kachingwe komangira komwe. Koma zikakulemerani, musadzivute. Tidzakuitanani tikamakaika kamwanako m'manda. Mpando wanu tidzaulemba dzina lanu lonse, ndi nambala yomwe, kuti pasakhale munthu wina molakwitsa.

Ine wantchito wanu wosayenera,

K. Phiri

(A K. Phiri tilipo asanu ndi awiri pa famu pano. Yankho lanu adzalandira amene adzayambe kufika.)