Toplinki ya Alamu Anga

Inu, poti minibasiyi sidzaza msanga, tamverani ndikuuzeni za chitsulo china chimene chinatsala pang'ono kugulitsitsa thirakitala ya alamu anga. Ndineneretu kuti ine sindithira mchere pankhani. Ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo munthu akandiuza kuti pamaliro panali anthu osawerengeka, ndimafunsa kuti anayesa kuwerenga ndani.

Alamu anga a Pearson, amuna a mchemwali wanga Ursula, atapuma ntchito ya inshuwalansi m'tauni muno, anagula kathirakitala kofiira kogwirapo kale ntchito ku Japan. Iwo amakhala ku Chitawira, koma munda uli ku Mpemba, maekala anayi. Achemwali sanakondwe nako. Zaka zonse amalemba aganyu, munda nkulimidwa popanda phokoso. Ndiye tsiku lina Lamulungu, titabwera kutchalitchi, analankhula ine ndili pomwepo.

"Bambo a Marvin, mvula yayandikira. Loweruka likubwerali likadutsa munda usanatipulidwe, chidole chanucho tigulitsa, ine ndiitane anthu anga a makasu."

Kathirakitalako kanalibe vuto lililonse. Vuto linali limene alamu anaona ku Thyolo. Pulawo imagwiridwa kumbuyo kwa thirakitala ndi mikono itatu, iwiri pansi, umodzi pamwamba. Wapamwambawo amakaniko amati toplinki. Ukautalikitsa, pulawo imakweza mphuno nkumangokanda nthaka. Ukaufupikitsa, imaloza pansi nkulowa mwakuya. Umene unabwera ndi thirakitala unali wopota ndi manja: utsike, upote, ukwerenso. Koma pa esiteti ina alamu anaona dalaivala akungokhudza kachitsulo ali pampando, toplinki nkutalika yokha ndi mphamvu ya mafuta. Imeneyo ndiye ya haidiroliki.

"Alamu," anandiuza, "ine ntchito yanga yonse ndagwira ndili pampando. Ndiyambe lero kutsikatsika ngati kondakitala?"

Lolemba tinapita ku Limbe kwa a Jawed, amene amagulitsa zipangizo za ulimi. Anabadwira m'Limbe momwemo, ndipo Chichewa chawo sindinachipezepo cholakwika, ngakhale ndinayesa.

"Yakale ija mwabwera nayo?" anafunsa a Jawed.

"Ndabwera ndi muyeso," anatero alamu.

Mukudziwa mmene timachitira pokagulira nsapato mwana amene ali kumudzi: timayeza phazi ndi kachingwe nkukaika m'thumba. Alamu anachita chimodzimodzi. Kungoti chingwe chimene chinali pafupi tsikulo chinali mphira ya chubu, ija yomangira katundu panjinga.

A Jawed anaigoneka pa tepi yokhomedwa pakauntala. "Masentimita 40."

Alamu anakokako. "Ayi, inali chonchi."

"Ndiye 62."

"Kapena chonchi."

"75. Bwana, poyezapo munakoka motani?"

"Mwapakatikati."

"Mphira imeneyi," anatero a Jawed, "ikhoza kuyeza chilichonse mu shopu muno, kuyambira sipanala mpaka chitseko."

Anatulutsa matoplinki atatu nkutifotokozera modekha. Pamafunika kudziwa kufupika kwake ikatsekeka, kutalika kwake ikatambasuka, kuchokera pabowo la pini kufika pabowo linzake, komanso kunenepa kwa piniyo. Alamu anamvetsera akugwedeza mutu, kenako analoza yaikulu kwambiri, yolemera ngati mwana wa sitandade wani.

"Tisagule kawiri. Chachikulu sichivuta."

"Alamu," ndinatero, "zimenezo timachita ndi yunifolomu ya ana. Thirakitala sikula."

"Nanga mawa ndikagula pulawo yaikulu?"

A Jawed anangoti, "Risiti musataye."

Lachiwiri ku Mpemba, pini ya thirakitala inkasewera m'bowo la toplinkiyo ngati supuni m'kapu. Ngakhale itatsekeka mpaka mapeto, inali yaitali kuposa mpata wake. Tinakakamiza ndithu, amuna awiri akuluakulu, mpaka inalowa. Za mapaipi ake a mafuta sitinaziganizireko tsikulo. Pulawo inakhala pansi ndi kumbuyo kokha, mphuno m'mwamba, ngati munthu amene wakana kupereka moni. Alamu anayenda nayo mzere umodzi. Nkhuku za eni mudzi zinatsatira kumbuyo, zinayang'ana, nkubwerera.

Apa ndipo ndinalowererapo ine, ndipo kuyambira pano mlandu ndi wanga.

"Bweretsani yakale ija ndiyeze bwinobwino," ndinatero.

Alamu anakanda kumutu. Anali ataipereka kale kwa a Jailos, owotcherera amene ankawakonzera geti, nkuwauza kuti ndi zachikale. A Jailos sazengereza. Pofika Lachiwiri anali ataidula pakati, theka lili pa geti la alamu, theka lina pa ngolo ya munthu wa ku Zingwangwa.

Sindinadandaule. Lachitatu ndinabwera ndi tepi yanga, kope, ndi buku la thirakitalayo. Tinaimika thirakitala pamalo osalala, tinatsitsa pulawo kuti ikhale mofanana, ndipo ndinayeza kuchokera pabowo la thirakitala kufika pabowo la pulawo. Masentimita 58. Ndinayeza katatu. Ndinawerengera kuti tikufuna toplinki imene 58 ali pakati pake, kuti izitha kufupika komanso kutalika. Pini inali mamilimita 19. Ndinalemba zonse m'kope nkudula mizere iwiri kunsi. Kunena zoona, ndinamva kukoma mumtima, ndipo ndinawauza alamu mawu angapo okhudza ubwino wa sukulu amene lero ndikanakonda ndikanawameza.

Lachinayi m'mawa a Jawed anawerenga kope langa nkundiyang'ana mwaulemu.

"Aphunzitsi, anthu onse akanamabwera chonchi, ine sindikanamera imvi." Analandira yaikulu ija nkutulutsa ya masentimita 48 mpaka 69. Kenako anafunsa, "Polumikizira mapaipi a mafuta, kumbuyo kwa thirakitala pali?"

"Pali," ndinayankha. "Tsamba 43."

"Mwaona ndi maso?"

"Ndaona m'buku lake."

Bukulo ndi la Chijapani. Ine Chijapani sindiwerenga, koma zithunzi ndimaona, ndipo pa tsamba 43 panali thirakitala yofiira yokhala ndi timilomo tiwiri kumbuyo.

Masana omwewo toplinki inalowa ngati inabadwira pomwepo. Pini inakwana, pulawo inakhala mowongoka. Alamu anakwera pampando nkukonza chipewa. Ine ndinatsala kumbuyo, paipi imodzi dzanja ili, ina dzanja ili.

"Lumikizani, alamu."

"Ndikulumikiza."

Ndinazungulira thirakitala. Ndinazunguliranso. Ndinagwada, ndinagona chagada, ndinavala magalasi. Pamene chithunzi chinali ndi timilomo tiwiri, thirakitala yathu inali ndi chitsulo chosalala chomangidwa ndi mabawuti anayi opakidwa penti. Nditabwerera m'buku ndinazindikira kuti linali la mathirakitala anayi a mtundu umodzi, ndipo ya pa tsamba 43 inali mkulu wake wa yathuyi.

"Sukulu ija yati bwanji?" anafunsa alamu ali pampando.

Tinaimbira foni a Jawed. Anati chipangizo chotumiza mafuta kumbuyo chikhoza kuikidwa, koma nchoitanitsa ku South Africa, masabata asanu ndi limodzi. Popanda mafuta toplinkiyo siigwira, pulawo ikakumana ndi nthaka yolimba imangokankhika. Kumadzulo kunali mitambo yakuda, ndipo Loweruka linali mkuja.

Lachisanu m'mawa tinakhala pakhonde ku Chitawira tikukankhirana kuti akanene ndani.

"Ndi mchemwali wanu."

"Ndi akazi anu."

"Inu munakula nawo."

Achemwali anali pawindo nthawi yonseyi. Anatuluka atanyamula kale chikwama.

"Achimwene, inu ndinkayesa ndinu anzeru m'banja lathu. Nyamulani chitsulocho nonse awiri. Tiyeni."

Tinafika ku Limbe itangokwana thwelofu, shopu itatsekedwa, a Jawed atapita kumzikiti. Tinadikira maola awiri pakhonde la shopu, ine ndi alamu titagwirizira toplinki pakati pathu, achemwali atakhala pampando umene mlonda anawapatsa. Anagula chinangwa chootcha nkudya okha. Munthu wina wodutsa anatifunsa kuti chitsulocho tikugulitsa zingati.

A Jawed atatsegula anatiyang'ana ife, nkuyang'ana achemwali.

"Mayi, takulandirani. Ndimadziwa kuti tsiku lina kubwera mwini wake."

"Bambo, ine za mathirakitala sindidziwa," anatero achemwali. "Chija anataya awa, chopota ndi manja, chatsopano chake chilipo?"

"Zadzaza kuseriku."

"Nanga bwanji simunawapatse?"

"Sanafunse, mayi. Lolemba lija ndinayamba kuchitchula, bwana anati ndi zachikale."

"Chikwana pa nambala za achimwenezi?"

A Jawed anatsegula kope langa. "Nambalazi zilibe vuto. Chikwana."

Ndinafuna kunenapo kanthu pamenepo, koma achemwali anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti si nthawi yake. A Jawed analandira ya haidiroliki ija nkutipatsa yopota ndi manja, yopepuka moti alamu anainyamula ndi dzanja limodzi. Ankainyamula moibisa kumbuyo kwa mwendo mpaka kudepoti.

Loweruka tinayamba dzuwa likutuluka. Alamu anatsika pampando kukapota toplinki kasanu ndi kawiri. Ndinawerenga. Kachisanu anapsa dzanja, kachisanu ndi chimodzi anang'amba buluku. Koma pulawo inalowa, nthaka inatembenuka, ndipo cha m'ma folo maekala anayi onse anali atatipulidwa, mphepo ya mvula ikuyamba kuwomba.

Achemwali anayenda mundawo kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, akubaya nthaka ndi nsonga ya ambulera. Ife tinaima pafupi ndi thirakitala ngati ana odikira zotsatira za mayeso. Atabwerera anapukuta ambulera ija ndi udzu, osafulumira.

"Ndiye mwati bwanji, mayi a Marvin?" anafunsa alamu. "Tigulitsa?"

"Thirakitalayi ikhala. Yagwira ntchito, ilibe mlandu." Anatiyang'ana wina ndi wina. "Inu awiri ndi amene ndakusowerani wogula."

Alamu anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana mitambo.